Tiweruzeni Amalume: kodi Charles ndi Mjeremani?

Amalume, ine ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Dzulo pometetsa tinakangana mpaka wometa anazimitsa mashini, mnzanga ati Mfumu Charles ya ku Britain ndi Mjeremani, ine ndati bodza, ku Germany kulibe ndi mfumu komwe, timangomva za chansela chabe. Wanama ndani?
Wowerenga wa ku Kapata

Mphwanga, palibe wanama apa, koma botolo la Fanta mugulireni mnzanuyo chifukwa wadziwa zambiri.

Lero ku Germany mfumu kulibedi. Koma kale vuto lawo linali kuchuluka kwa mafumu, dera lililonse ndi wake. Bismarck, nduna yaikulu ya Prussia, atawasonkhanitsa kukhala dziko limodzi mu 1871, munali maufumu anayi, Prussia, Bavaria, Saxony ndi Württemberg, kuwonjezapo tiakalonga tambirimbiri, ndipo mfumu ya Prussia, Wilhelm I wa banja la Hohenzollern, ndi amene anakhala Kaiser pamwamba pa onse. Ganizani za Gawa Undi ndi mafumu ake, kungoti awa aliyense anali ndi nyumba yachifumu yake, ena ndi asilikali omwe. A ku Bavaria, banja la Wittelsbach, anakhala pampando kuyambira 1180, zaka zoposa 700!

Manje za Charles. Mu 1714 mpando wa Britain unasowa wolowa wachipulotesitanti wapafupi, ndiye anakatenga George wa ku Hanover, Mjeremani weniweni. Banja limodzi linagwira mipando iwiri mpaka 1837, ndipo apa ndi pamene ine pamandikomera. Victoria analowa ufumu ku Britain koma ku Hanover lamulo linkakana mkazi, mpando unapita kwa mng'ono wa bambo ake, Ernest Augustus. Achewa a ku Katete, amene ufumu umadzera kwa mayi ndipo mwana wa mlongo ndiye amalowa, angadabwe nazo, Angoni a kwa Mpezeni mwina angoti eya ndi mmene zikhalira. Victoria uja anakwatiwa ndi Mjeremani, Albert wa ku Saxe-Coburg and Gotha, mu 1840, ndipo Charles ndi wa mzere umenewo.

Nkhondo ya 1914 inali ya pachibale ndithu. Kaiser Wilhelm II anali mwana wa mwana wamkazi wa Victoria, George V wa ku Britain mwana wa mwana wamwamuna, kwathu kuno timati asuweni, oyenera kumanyozana mwanthabwala pamaliro, koma awa anatumizirana mabomba. Dzina lachijeremani la banja lawo, Saxe-Coburg and Gotha, litayamba kununkha ku London, George V analisintha mu 1917 n'kukhala Windsor, dzina la nyumba yawo ina. Ndi chifukwa chake simunazindikire.

Kutha kwa maufumu a ku Germany kunali kwachangu zedi. November 1918 nkhondo yawavuta, anthu njala, asilikali a pamadzi aukira, mafumu onse anachoka pamipando m'masabata ochepa. Wilhelm II anathawira ku Netherlands, anakhala ku Doorn akudula mitengo ngati wowotcha makala mpaka kumwalira mu 1941. Ndipo taonani izi, mkulu wa asilikali ake kuno ku Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, anali mkati mwa dziko lathu lino chakufupi ndi Kasama akumenyerabe Kaiser amene anali atathawa kale, anakagonja ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 November 1918.

Mabanjawo alipobe. Malamulo a 1919 anawachotsera ulemu wapadera, maudindo aja anangosanduka mbali ya dzina pa chiphaso, ndiye mukaona "von" kapena "Prinz" pa dzina la munthu musagwade ayi, akhoza kukhala wogwira ntchito ku banki. Ena akadali ndi nyumba zamakedzana zija ndi nkhalango, alendo amalipira pageti kuti alowe kukajambula.

Mukapitanso kokameta mumuuze mnzanuyo kuti Charles anabadwira ku London mu 1948, pasipoti yachijeremani asamupatse.