Zija munalipira zija munagula chilolezo, nyimbozo mwini wake alipo

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mukuti munagula ma alubamu anayi pa sitolo ina ya nyimbo ya pa intaneti nthawi yomwe munkagwira ntchito ku Johannesburg, ndiye mutabwerera kuno n'kusintha dziko pa akaunti yanu, nyimbo zina zangochita mbuu, sizikulira. Mukutinso pulogalamu yotsitsira nyimbozo inabwera ndi tinthu tina tomwe simunapemphe, moti laputopu ikuyenda ngati nkhono. Ndiye mukufunsa ngati akuberani, komanso kuti mitengo yawoyi amaiwerengera bwanji. Ndaona ena akuyankhani kuti ndi vairasi. Pepani abale, vairasi alibe mlandu apa. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi mafoni ku Limbe, ndipo dandaulo lotereli limabwera pa benchi yanga pafupipafupi.

Tiyambe ndi nyimbo zosowazo. Pamene munadina batani lolembedwa kuti Buy lija, inu mumtima munkadziwa kuti mwagula, monga momwe tinkagulira kaseti kwa mavenda, n'kukaisunga m'katoni pansi pa bedi zaka khumi popanda wokufunsani. Koma m'chikalata chachitali chija tonse timangovomereza osawerenga, munalembedwa kuti akukupatsani chilolezo chomvera, ndipo chilolezocho chili ndi malire ake. Limodzi mwa malirewo ndi dziko. Makampani ojambula nyimbo amagwirizana ndi sitolo dziko ndi dziko. Alubamu ikhoza kuloledwa kugulitsidwa ku South Africa koma osaloledwa kuno, ndiye akaunti yanu ikangokhala ya ku Malawi, sitoloyo imakana kukupatsaninso zomwe kuno ilibe nazo ufulu. Ndalama zanu zinapita ndithu, koma kiyi anatsala naye ndi iwo.

Musaone ngati akuchitira inu nokha chifukwa ndinu Mmalawi. Mu July 2009 kampani ya Amazon inalowa m'zipangizo zowerengera mabuku za Kindle za anthu a ku America n'kufufutamo buku la George Orwell lotchedwa 1984, lomwe anthuwo anali atalipira kale, chifukwa yemwe ankaligulitsa pa sitolopo analibe ufulu wotero. Ndalama anabweza, mkulu wa kampaniyo Jeff Bezos anapepesa, koma anthu anali ataona kale kuti wogulitsa angathe kulowa m'thumba mwako usiku uli mtulo. Mu 2019 Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku, ndipo pofika July chaka chomwecho mabuku onse omwe anthu anagula kumeneko analeka kutseguka. Nawonso anabweza ndalama. Nkhaniyi yavuta mpaka boma la California linakhazikitsa lamulo mu 2024 loti sitolo zoterezi zisamalembe kuti ukugula popanda kukuuza poyera kuti ndi chilolezo chabe. Taganizani, mpaka kufuna lamulo kuti mawu oti kugula azitanthauza kugula.

Inenso zinandionekerapo, musandione ngati wochenjera. Ndinali ndi mafilimu atatu a ana omwe ndinalipira pa sitolo ina, ndinkawasungira mwana wanga wamkazi. Tsiku lina magetsi atazima, mwana akulira, ndinati ndimuikire imodzi pa tabuleti, ndinangopeza chithunzi cha filimuyo chilipo koma pansi palembedwa kuti sichikupezeka kudera kwanu. Ndinalemba kalata, anandiyankha mwaulemu kwambiri patatha sabata, ulemu wopanda filimu.

Koma pa nyimbo pali kachiyembekezo. Kampani ya Apple itatsegula sitolo yake ya nyimbo ya iTunes Store mu April 2003, nyimbo iliyonse inkabwera yokhomedwa ndi loko yotchedwa DRM, moti inkalira pa makompyuta owerengeka okha omwe walembetsa, ndipo pa tizipangizo toyenda nato inkalira pa iPod ya Apple yomweyo basi. Anthu anadandaula zaka zingapo, ndipo mu 2009 lokoyo inachotsedwa pa nyimbo. Masiku ano sitolo zambiri zogulitsa nyimbo imodziimodzi zimakupatsa fayilo yosakhoma. Mafilimu ndi mabuku ambiri ndiye akadali okhomedwa mpaka lero. Choncho ngati ma alubamu anuwo munawatsitsadi pa foni kapena pa laputopu muli ku Joni, mafayilo ake ayenera kulira bwinobwino kulikonse, kaya ndi ku Nsanje kaya ku Chitipa. Zomwe zachita mbuuzo mwina ndi zomwe munkangomvera pa intaneti osazitsitsa, kapena zinatsala mu foni yakale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pa nkhani iyi pamphunopo ndi pa memore khadi kapena fulashi yomwe ili m'kabati mwanu. Dziwaninso kuti kutsitsa nyimbo mu Spotify kapena mapulogalamu ena olipira pamwezi ndi nkhani ina. Zimenezo ukangosiya kulipira zimatseka, chifukwa kumeneko ndiye lendi yeniyeni ndipo sabisa.

Za mtengo. Mu 2003 muja nyimbo iliyonse pa iTunes inali masenti 99 a ku America, yakale kapena yatsopano. Pa ndalamayo, pafupifupi masenti 70 ankapita ku kampani yojambula, sitolo n'kutsala ndi pafupifupi 30, ndipo woimba ankalandira kagawo kochokera pa 70 paja malinga ndi mgwirizano wake ndi kampaniyo. Mu 2009 makampani ojambula anapeza zomwe ankafuna kuyambira kale, mitengo inakhala itatu: masenti 69, 99 ndi dola imodzi ndi masenti 29. Nyimbo zomwe anthu akuzikonda zinathamangira ku mtengo wapamwambawo, za 69 uzichita kusaka ndi nyali. Onani kuti palibe CD yodinda, palibe lole yonyamula katundu, palibe shelefu, koma mtengo unakwera. Mtengowu sutengera zomwe awononga kuti nyimbo ikufikeni, umatengera zomwe akuona kuti anthu a dziko limenelo angapirire. Ku Australia anthu anakwiya nazo mpaka mu 2013 komiti ya nyumba ya malamulo inaitanitsa Apple, Microsoft ndi Adobe kuti afotokoze chifukwa chomwe fayilo yomweyomweyo inkadula kwambiri kumeneko kuposa ku America.

Ife ndiye timalira pawiri, mwina patatu. Sitolo zambiri zimatilipiritsa m'madola. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndiye nyimbo yomweyo inadula tsiku limodzi popanda sitolo kusintha kanthu. Kenako banki idulepo zake, khadi likane kawiri konse chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, uguleponso bandulo, poti alubamu imodzi yomveka bwino imadya pafupifupi 100 MB. Pamene uli pa chintchito chonsechi, mnyamata wobena nyimbo pamsika akudzazira memore khadi yonse ndi ndalama yochepa chabe. Sindikuyamikira zimenezo ayi, oimba athu amavutika nazo kwambiri, ndipo bungwe la COSOMA, loteteza ufulu wa oimba ndi aluso ena, lakhala likulimbana nazo kwa zaka. Koma tinene zoona, munthu wolipira mokhulupirika ndi amene akuvutitsidwa ndi mapasiwedi ndi malire a mayiko, pamene wobenetsa pamsika nyimbo zake zikulira pa wailesi ya m'minibasi popanda womufunsa chiphaso. Ngati ndi oimba akwathu, ine ndimakonda kuwagula pamanja pa shoo kapena kuwatumizira ndalama pa foni iwo n'kunditumizira fayilo. Ndalama imafika yonse kwa mwini wake.

Tsopano za laputopu yolemerayo. Kumsika mayi wa tomato akakuikira banyira umathokoza, chifukwa ndi tomato yemweyo umafuna uja. Banyira ya makampaniwa ndi yosiyana: ugule tomato, akuikire mwana wa galu m'jumbo osakuuza, ukafike kunyumba uyambe kumudyetsa. Amachita dala, poti eni timapulogalamu timeneti amalipira pa kompyuta iliyonse yomwe talowa. Ndipo si makampani achinyengo okha. Kwa zaka zambiri woika pulogalamu ya Java ankapeza kabokosi kochongedwa kale koika Ask toolbar, kamzere kosakira zinthu kokhala pamwamba pa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti). Adobe inkaphatikiza kapulogalamu ka McAfee ukamatsitsa pulogalamu yake ya Flash. Mu March 2008 Apple inayamba kukankhira browser yake ya Safari kwa anthu a Windows omwe anali ndi iTunes, kudzera m'kawindo kokonzera mapulogalamu omwe uli nawo kale, kabokosi kali kochongeratu, ndipo mkulu wa Mozilla, eni browser ya Firefox, panthawiyo, John Lilly, anadzudzula poyera. Mu September 2014 Apple inaika alubamu ya gulu la U2 m'maakaunti a anthu pafupifupi 500 miliyoni osawafunsa, anthu anakalipa mpaka kampaniyo inatulutsa njira yapadera yoichotsera. Choopsa kwambiri chinali cha Lenovo, chomwe chinadziwika mu 2015: malaputopu ena ankatuluka ku fakitale ali ndi pulogalamu yotsatsa malonda yotchedwa Superfish, yomwe inkafooketsa chitetezo cha masamba a intaneti, ngakhale a kubanki.

Mwezi wathawu aphunzitsi ena a sekondale anabwera ndi laputopu akuti yakalamba, akufuna kugula ina. Nditatsegula browser ndinapeza mizere inayi ya ma toolbar itasanjikizana pamwamba, tsamba lenileni likuoneka ngati munthu wosuzumira pa zenera la bafa. Ma antivirus analipo atatu, aliyense akukuwa kuti mnzake ndi mdani. Iwo ankalumbira kuti sanaikepo chilichonse, ndipo sankanama, ankangodina Next, Next, Next mofulumira kuti bandulo isathe. Tinachotsa zonse, makina anadzuka, ndalama ya laputopu yatsopano inabwerera ku fizi ya ana.

Inu chitani chonchi. Pa Windows lowani mu Settings, pitani pa Apps, sanjani mndandandawo potengera tsiku lomwe chinthu chinaikidwa, ndipo onani zonse zomwe zinalowa tsiku limodzi ndi pulogalamu ya nyimboyo. Zomwe simukuzidziwa musangozifufuta, jambulani chithunzi muponye muno tikuuzeni, poti zina ndi zothandiza pulogalamuyo kuona foni yanu. Ulendo wina mukamaika pulogalamu sankhani Custom kapena Advanced m'malo mwa Express, muwerenge tsamba lililonse, muchotse chizindikiro m'timabokosi tochongeratu. Muzitsitsanso pa tsamba la eni ake, chifukwa masamba ena amakulunga pulogalamu yabwinobwino ndi zinyalala zawo.

Pa ma alubamu aja, foni yakale ya ku Joni ija ngati ilipo musaifomate kapena kupatsa mwana, muyambe mwaona m'mafoda ake. Sakaninso malisiti mu imelo yanu, muwalembere eni sitolo mutchule manambala a malisitiwo, mupemphe kuti akutsegulireni mutsitse kamodzi kapena akubwezereni ndalama. Ena amabwezeretsa akaunti ku dziko lakale kwa kanthawi n'kutsitsa zonse, koma nthawi zambiri amafuna khadi la banki ya kumeneko, komanso sitolo zina sizilola kusintha dziko pafupipafupi, ndiye funsani kaye musanasinthe. Zikatsika, kopereni pa fulashi ziwiri, ina mukasiye kwa amayi.