Azakhali akuti ndikulosera imfa

Funso: Bambo anga ali ndi khansa ya kummero, adokotala akuti siichizika. Ndikafuna tikambirane za kowasamalira, azakhali amati ndikuwalosera imfa. Nditani? Wowerenga wa ku Ndirande.

Yankho: Achemwali, musayambire pa imfa. Dikirani azakhaliwo apite kumsika, mufunse bambo ali okha: "Mukafooka, tikusungeni kuchipatala kapena kumudzi? Mukalephera kulankhula, akulankhulireni ndani?" Zimene anenezo lembani m'kope, kenako itanani akuluakulu a banja adzimvere okha, chifukwa zikavuta mawu a mwana samveka.

Pitaninso ku Tiyanjane, kiliniki yosamalira odwala matenda osachizika pachipatala cha Queen Elizabeth, mukafunse za mofini wakumwa wochepetsa ululu bambo ali kunyumba. Za katundu, lamulo la 2011 la chuma chamasiye limafuna kuti wilo (mawu a mwini onena mmene katundu adzagawidwire) ikhale yolembedwa, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri.