Kochi anali wabwino, koma mawu anga ndinakawapeza pa pepala la a HR

Achemwali, mwafunsa mu gulu muno ngati mulowe kapena ayi pologalamu ya kochi, mlangizi wa za ntchito, imene kampani yanu yakupatsani. Musanadine kalinki ka Zoom kamene a HR, oyang'anira za ogwira ntchito aja, akutumizirani kuti muyambe kukumana ndi kochi wa pa intanetiyo, funsani kaye kuti akaunti yake ndi ya ndani. Ndalemba ndi kufufuta katatu, manja akuchita kunjenjemera, chifukwa mwandikumbutsa za 2024 zomwe ndinaganiza kuti ndinazikwirira. Ena mu gulu muno mukundidziwa ndipo kampaniyo mukuidziwa, chonde musaitchule m'makomenti, ine milandu ayi.

Ndinali supavaiza wa anyamata ndi atsikana 7 okongoza ndalama pa nthambi ya kuno ku Mzuzu ya kampani ina ya ngongole zing'onozing'ono. Nonse mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti. Makasitomala athu ambiri anali amayi a ku msika wa Taifa, aja amaoda zitenje ndi nsapato ku Kyela ndi ku Dar kudutsira pa Songwe. Ndalama yomweyo inayamba kubweretsa katundu wochepa, ogula nawo m'thumba mulibe kanthu, kubweza ngongole kunayamba kuvuta. Tageti yochokera ku likulu ku Lilongwe sinatsike ndi tambala yomwe. M'malo moti aitsitse, anatitumizira kochi.

Koma chilungamo ndinene, mayi uja ntchito yake ankaidziwa. Anali ku Johannesburg, tinkakumana Lachinayi, mphindi 45, ndipo mwayi wake nthawi yathu ndi yawo ndi imodzi. Mnzanga amene anamupatsa kochi wa ku Nairobi anaphonya kawiri konse chifukwa kumeneko ali patsogolo ndi ola limodzi. Ine ndinapita ndikuganiza kuti ndi zija za mawekishopu a kunyanja, timakhala tikuwodzera kudikira alawansi. Ayi. Mayi uja sankaphunzitsa, ankangofunsa. Mukufuna chiyani kwenikweni, pakali pano zinthu zili bwanji, njira zilipo zingati, ndiye muchita iti ndipo tsiku lanji. Ankati njira imeneyi dzina lake ndi GROW. Mafunso osavuta koma amakuvula.

Ndinali ndi mnyamata wina woyendera za ku Ekwendeni, sabata iliyonse amabwera chimanjamanja, ine kumulalatira pamaso pa anzake monga mmene bwana ankandilalatira ineyo. Kochi anangondifunsa kuti ndinamufunsa liti mnyamatayo zimene zimachitika akanyamuka pa ofesi. Ndinasowa chonena. Nditamufunsa mawa lake, kunapezeka kuti masiku a mizere ya mafuta aja ankagula petulo wa m'zigubu ndi ndalama yake, ikatha ankangofika theka la makasitomala n'kubwerera, ndipo ankaopa kundiuza. Tinasintha masiku oyendera, ndinayamba kukhala ndi aliyense payekha mphindi 15 Lolemba m'mawa, chitseko chotseka. Pa miyezi iwiri yokha ofesi inasintha, anthu anayamba kundiuza mavuto asanakule. Anandiphunzitsanso kuti bwana akandilamula chinthu pakamwa ndizimutumizira imelo yomukumbutsa zimene wanenazo. Zimenezo ndimazichitabe mpaka lero.

Ndiye ndinamukhulupirira. Vuto linayambira pamenepo.

Tikamayamba kukumana pankamveka kamawu ka chizungu kaja konena kuti ayamba kujambula. Tsiku loyamba ndinafunsa, iye anati linki anapanga ndi a HR ndipo anamuuza kuti kujambulako n'koti ndizitha kumveranso ndekha. Ine n'kuvomera. Sindinadziwe kuti zojambulidwa pa akaunti ya kampani zimakakhala pamalo poti woyang'anira akauntiyo akhoza kuzitsegula nthawi ina iliyonse.

Ulendo wachisanu ndinali nditatheratu. Mayi anga anali atagonekedwa ku chipatala cha Central, ine ndi amene ndinkawadikirira usiku, kugona pansi pa chitenje, m'mawa kukwera sakaramento kupita ku Chibavi kukasamba, kenako ku ofesi. Malipiro anathera mankhwala a ku famase. Ku banki mkhonde ndinali nditatenga kale, ndiye ndinakatenga K300,000 ya katapila. Tsiku lomwelo m'mawa bwana anali atandiuza pamaso pa ana anga a ntchito kuti ngati ntchito yandikanika ndikaphike mandasi ku Zigwagwa. Kochi atangofunsa kuti muli bwanji lero, ndinaphulika. Ndinalira ngati pamaliro. Ndinanena zonse, za katapila, za kuti ndikangomva galimoto ya bwana ikulowa pageti m'mimba mumandipota, za kuti ndalemba makalata ofunsira ntchito malo awiri, za kuti bambo uja ndi wankhanza ndipo sadziwa ngakhale dzina la kasitomala mmodzi. Mayi uja anandimvetsera mpaka nthawi inapitirira, anandiuza kuti ndipemphe tchuthi ndipo za ngongolezo ndipeze munthu wodziwa zandalama andithandize. Ndinatseka laputopu mtima utapepuka, ndinagona tulo koyamba pa masabata atatu.

Patapita masabata awiri, Lachisanu 4 koloko madzulo, mesenjala anandipatsa envelopu. Hearing, msonkhano wondizenga mlandu, Lachiwiri. Mlandu wake akuti khalidwe losayenera mtsogoleri ndi kubisa zinthu zoika ndalama za kampani pa chiopsezo. Loweruka ndi Lamlungu lonse ndinkawerengera mabuku m'mutu kuti mwina pasowa ndalama. Sipanasowe ngakhale K50.

Lachiwirilo sindidzaliiwala. Munali mu Juni, kuzizira kuja kwa kuno kolowa m'mafupa, kamvula kowaza kuyambira usiku. Ndinavala juzi ziwiri koma ndinkanjenjemerabe. Kachipinda kathu ka misonkhano n'kotchinga ndi mapulayiwudi, ukatsokomola a ku kauntala amamva. Munali mayi wa HR amene anabwera kuchokera ku Lilongwe, akudandaula za nkhungu ya ku Chikangawa kwinaku akudzithirira tiyi wa mu fulasiki, ine osandifunsa n'komwe ngati ndimwe. Bwana anakhala chopendekera akuseweretsa makiyi a galimoto pa tebulo, ngwee ngwee. Pakona panali kamnyamata ka IT, maso pansi, kamene ine ndemwe ndinkakagawira nsima yanga masana. Mayi wa HR uja anatulutsa mapepala atatu omata ndi sitepula. Ndinaona m'mbali mwake mwalembedwa manambala, 17:40, 23:05, 31:12. Ndinkaganiza kuti ndi malisiti. Anali mphindi za kulira kwanga.

Anayamba kuwerenga mawu anga enieni, ndi liwu lija lowerengera zolengeza kutchalitchi. Pa mphindi 17 munanena kuti muli ndi ngongole ya katapila ya K300,000, mukuvomera? Pa mphindi 23 munanena kuti mukufunafuna ntchito kwina, ndi zoona? Atafika pa za m'mimba kupota, bwana anaseka. Anaseka, achemwali, mpaka anapukuta m'maso, n'kunena kuti sankadziwa kuti galimoto yake ndi mankhwala otsegula m'mimba. Kuseri kwa pulayiwudi kunali zii, kutanthauza kuti ana anga onse 7 ankamvetsera. Pamene ndinatchula za mayi anga kuchipatala analumphapo, sanawerenge. Ndinawauza kuti werenganinso pamenepo, anati sizikukhudzana ndi mlandu. Lilime linauma, ndinkafuna kufunsa kuti mwazitenga kuti zimenezi koma mawu osatuluka, ndinkangoyang'ana nthunzi ya tiyi uja. Kenako anandiuza kuti ndipereke makiyi a sefa pompo, poti munthu wangongole sangasunge ndalama za anthu. Kampani yokhalira kukongoza anthu, kudabwa kuti munthu ali ndi ngongole! Ndinawavula pa kachingwe ka m'khosi, manja akukanika kumasula mfundo, onse atatu akundiyang'ana. Potuluka ndinadutsa pa kauntala palibe amene anadzutsa mutu.

Sanandichotse ntchito, ndi ochenjera. Anandipatsa kalata yochenjeza komaliza n'kundibweza kukhala wokongoza wamba, pansi pa mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kulemba fomu.

Bwana uja mpaka lero ndikakumana naye mu supamaketi ndimatembenuza trolley. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kukhala pansi madzulo kumvetsera mzimayi akulira mphindi 50, cholembera m'manja, kumasankha pomulasira. Ndipo ndi yemweyo ankaima pa misonkhano kunena kuti kampani ino ndi banja limodzi, masukani kwa makochi anu. Banja lake liti? Mayi wa HR nayenso, iyeyo ndi amene anatilembera kuti zokambirana zonse ndi zachinsinsi, ndinali nayo imeloyo, nditamuwonetsa anati chinsinsicho chimathera pamene ndalama za kampani zayambira. Kamnyamata ka IT kokha ndinakakhululukira, kanabwera kunyumba usiku kudzapepesa, akuti anakauza kuti kakakana kapita ndiko. Anzanga ena a ntchito, aja tinkadyera limodzi chipisi pa Katoto, anayamba kundilambalala ngati ndili ndi mphere. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Wanga unandipeza utatayipidwa bwinobwino.

Ndinafunsa kwa odziwa malamulo. Employment Act ya 2000, gawo 57, imati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo Industrial Relations Court ilipo konkuno ku Mzuzu, simufunika kupita ku Blantyre. Anandiuza kuti kutsitsidwa udindo mwa njira imeneyo ndikhoza kukadandaula. Sindinapite. Mayi anga anamwalira mu Ogasiti, mphamvu zoyenda m'makhoti ndinalibe, ndinangolemba kalata yosiya ntchito. Inu musachite ngati ine, zikakuchitikirani pitani, ndipo ku hearing osalowa nokha, tengani mnzanu wa ntchito akhale mboni.

Tsono mukuti mulowe kapena ayi? Lowani. Ndikudziwa mukudabwa, koma lowani ndithu. Kuno kumpoto mwayi woterewu umatiphonya, maphunziro onse amathera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ife amatikumbukira pofuna malipoti basi. Kochi wabwino ukati umulipire wekha ndi madola, malipiro athuwa sangakwane. Ntchito yomwe ndili nayo panopa ndinaipeza chifukwa pa intavyu ndinafotokoza za mphindi 15 za Lolemba zija, ndipo ndinayankha mafunso mosanjenjemera chifukwa kochi uja anandizoloweza kuganiza ndisanayankhule.

Koma kukana kujambulidwa ndi ufulu wanu, kamawu kaja kakangomveka nenani kuti azimitse, akakana tulukani. Linki apange kochiyo pa akaunti yake, osati ya kampani. Gwiritsani foni yanu ndi mahedifoni anu, laputopu ya ofesi ayi, ndipo musakhale kuseri kwa pulayiwudi, bola m'galimoto ya mnzanu kapena kunyumba. Bandulo agule ndi a kampaniwo, Zoom ya vidiyo imadya kwambiri, ndipo netiweki ikamavuta zimitsani kamera muzingomvana mawu. Nthawi yake ikhale ya ntchito, asakuikireni 7 koloko usiku ngati mulibe ana. Chachikulu, pemphani pepala losainirana anthu atatu, inu, kochi ndi kampani, lonena zimene kochi adzauze kampani. Zoyenera kupita kwa bwana ndi zoti mwakumana kangati ndi zolinga zomwe munagwirizana nonse, osati zimene mwayankhula. Mufunseninso kochiyo ngati ali ndi satifiketi ya International Coaching Federation, bungwe la makochi la padziko lonse. Ya poyambira imatchedwa ACC, imafuna maola 60 a maphunziro ndi maola 100 akugwira ntchitoyo, yotsatira yake, PCC, imafuna maola 500 akugwira ntchitoyo, ndipo onsewo amalonjeza kusunga chinsinsi. Masiku ano aliyense wa suti ndi kamera yabwino pa Facebook akudzitcha kochi. Ngakhale wangayo satifiketi anali nayo, ndipo sinanditeteze.

Za kunyumba, za ngongole, za kuti mukufuna kuchoka, za bwana wanu, musanene. Kambani za tageti, za kugawa ntchito, za kuyendetsa misonkhano, basi. Koma pena ndikaganiza, ukamabisa zimene zikukudya kochiyo akuthandiza chiyani, ungotaya mphindi 45 kumwetulirana. Tsiku limene linandithandiza kuposa onse ndi lomwe lija ndinalira, ndi lomwe linandipatsa nzeru yopempha tchuthi n'kukhala ndi mayi anga masabata awo omaliza. Ndiye kaya, masukani koma mochenjera, muone nokha pamene mungaime.

Kochi uja atamva anandilembera imelo yaitali yopepesa, akuti sankadziwa kuti a kampani amatsegula zojambulazo ndipo wathetsa nawo mgwirizano. Anati akhoza kundimalizitsa maulendo atatu otsalawo kwaulere pa akaunti yake. Imeloyo ikadali mu foni muno, ndimaitsegula nthawi zina ndikakhala pa mzere ku banki, sindinayankhebe.