Kuyankha amalume za mapepala a zisudzo aja

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, ndangoti ndiyankhire pagulu pompano poti azakhali nawonso anafunsapo. Mukuti mapepala ataliatali munaona pakhoma tsiku tinkayankhulana pa vidiyo lija ndi a chiyani, nanga ndimadziwa bwanji kuti azungu sakundigulitsa fotokope.

Musaseketu, koma apakhoma aja ndi fotokope ndithu, ndinachita kupangitsa ndekha. Enieni ali m'bokosi, chifukwa dzuwa limawawononga.

Ndi mapepala oitanira anthu ku zisudzo, kuno ku Mangalande amati playbill, a nthawi ya Mfumukazi Victoria, kuyambira 1837 mpaka 1901. Ankawamata m'makoma, ena n'kumagulitsa pakhomo polowera. Sanali osunga ayi, sewero likasintha amamata lina pamwamba pake.

Tsono kudziwa lenileni, ine ndimayamba ndi chala. Zilembo zikuluzikulu zija zinali zosema pamtengo, zing'onozing'ono zinali zachitsulo, ndiye makina ankachita kuzikanikiza papepala. Mukalitembenuza n'kusisita kumbuyo, nthawi zambiri mumamva timizere totukuka. Inki nayo siikhala yofanana, pena yachuluka pena yaperewera, pena chilembo chili ndi mng'alu poti mtengowo unali utatopa. Fotokope imangoti see, yosalala paliponse. Pepala nalonso limanena zaka zake. Akale kwambiri ankapangidwa ndi nsanza, amenewo ndi olimba mpaka lero, pamene a kumapeto kwa ulamuliro wa mayiyu ambiri anali a mitengo, amafiira n'kumathetheka ngati fodya wouma.

Chimandivuta ndi chaka. Ena amangolemba tsiku ndi mwezi basi, poti aliyense wowerenga ankadziwa chaka chimene ali. Ndiye umakhala pansi ndi kalendala yakale, kuona zaka zimene deti limenelo linagwa pa tsiku lalembedwalo, kaya ndi Lolemba, kenako n'kufufuza kuti osewera olembedwawo anali pa nyumba ya zisudzo imeneyo liti.

Koma amalume, chimene ndimawakondera ndi kuwerengako. Usiku umodzi ankaika masewero awiri kapena atatu, kuyamba cha m'ma 7, lanthabwala kumapeto. Mitengo ili pomwepo, olemera m'mabokisi (timazipinda tapadera toonereramo), ena pansi, osauka pamwamba penipeni kufupi ndi denga. Nyumba zambiri ikakwana 9 koloko munthu ankalowa ndi theka la mtengo, kuti woweruka mochedwa kuntchito naye aoneko. Ndili nalo la ku Princess's Theatre pa Oxford Street ku London, kumene Charles Kean ankayendetsa zinthu kuyambira 1850 mpaka 1859. Bambo ameneyu sankatopa kulemba, ankadzaza pepala ndi mbiri yofotokoza kuti zovala ndi nyumba za m'seweromo wazitengera m'mabuku akale. Langalo ndi la 1859, chaka chomwe Livingstone anafika kunyanja kwathuko.

Za ndalama, musaganize kuti ndakhalira chuma. Ambiri ndi otsika mtengo, chimakweza ndi dzina lili pamenepo. Henry Irving wa ku nyumba ya zisudzo ya Lyceum, amene mu 1895 anakhala wazisudzo woyamba kupatsidwa ulemu wa Sir, anthu amamufuna. Ine amene ndikusakasaka ndi Ira Aldridge, munthu wakuda wobadwira ku New York mu 1807, amene anasewera Othello, sewero la Shakespeare, m'mizinda ya kuno ndi ku Ulaya konse mpaka anamwalira ku Łódź, ku Poland, mu 1867. Pamapepala ankamulemba kuti African Roscius, kumufanizira ndi katswiri wakale wa ku Roma. Lake likangotuluka pa okushoni, nyumba zosungira mabuku nazo zimalifuna, ndiye ife a matumba ang'ono timangoonerera. Mukadzabwera ndidzakutengani ku Victoria and Albert Museum, kumene mayi wina wosonkhanitsa mapepala oterewa, Gabrielle Enthoven, anapereka mulu wake wonse mu 1924, ngakhale kuti zambiri umayenera kupempha kaye kuti akutulutsire.

Azakhali, poti mukumva, satifiketi ya ukwati ya agogo munkati mukaichititse lamineti ija, chonde isiyeni. Pulasitikiyo ikamatirira siichokanso, ndipo selotepi imasiya banga lachikasu. Muiike chogona pakati pa mapepala oyera, pamalo pouma, kutali ndi chiswe, ndikutumizirani envelopu yake yoyenera.