Bilu ya city rates yafika pa nyumba ya makolo: ndilipire kapena ayi?

Amayi,

Kalata yanu ndaiwerenga. Mukuti kwanuko kunali mudzi wa minda ndi madimba, tauni yachita kukupezani, ndipo mwezi watha anthu a khonsolo anasiya bilu ya K60,000 pansi pa chitseko, m'dzina la malemu bambo anu. Pepala lomwe muli nalo ndi kalata ya amfumu yokha, msewu ndi wafumbi, galimoto ya zinyalala simunaionepo. Mukufunsa ngati muyenera kulipira, komanso ngati n'zoona kuti angakulandeni nyumba.

Biluyo musaiponye m'dengu. Msonkho umenewu wa city rates, womwe eni malo ndi nyumba amalipira ku khonsolo ya mzinda, umachokera mu lamulo la maboma ang'onoang'ono, Local Government Act ya 1998, ndipo lamulolo limayang'ana kumene malo ali, osati amene anakupatsani. Ngati mudzi wanu uli mkati mwa malire a mzinda, malowo ndi zomangidwapo zikhoza kulowa m'kaundula wa msonkho, kaya muli ndi title deed kaya mulibe. Choncho choyamba pitani ku khonsolo mukaone mapu a malire. Midzi ina ya m'mphepete imagawika pakati, nyumba zina mumzinda, zina m'boma la chigawocho. Mukapezeka kuti muli kunja, khonsolo ya mzindayo ilibe mphamvu pa inu. Musasokonezenso msonkhowu ndi ground rent, imene omwe ali ndi lease (pangano lobwereka malo kwa zaka) amalipira kwa mwini nthaka, monga Unduna wa za Malo. Kulipira china sikufafaniza chinzake.

Za msewu ndi zinyalala zikundikhudza, chifukwa n'zowawa kutulutsa ndalama pomwe m'dzinja mumavula nsapato kuti mufike pa siteji ya minibasi. Komabe ndikakuuzani kuti khoti lingakumvereni pa chifukwa chimenecho ndiye kuti ndakunamizani. Lamulo silinena kuti msonkho uziyamba wadikira msewu. Nkhondo ya msewu imamenyedwa kudzera kwa khansala wanu ndi m'misonkhano ya bajeti ya khonsolo, ndipo chiyambire 2020 lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, likukulolani kulemba kalata yofunsa mmene ndalama zikugwirira ntchito m'dera lanu.

Pomwe muli ndi mphamvu zenizeni ndi pa mtengo womwe anaika pa nyumba yanu. Bilu imachokera pa mtengo umenewo, wolembedwa m'kaundula wotchedwa valuation roll, amene lamulo limati azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Muli ndi ufulu wokamuona. Yang'anani nambala ya puloti, kukula kwa malo ndi mtundu wa nyumba. Zolakwika zimachuluka m'madera ngati anu: nyumba ya zidina kulembedwa ngati ya njerwa zootcha, khitchini yapanja kuwerengedwa ngati nyumba yachiwiri, kapena kagolosale ka pawindo kuchititsa kuti nyumba yonse ilembedwe ngati ya bizinesi, zomwe zimakweza msonkho. Funsaninso anzanu oyandikana nawo kuti awo analembedwa zingati. Ku Mzuzu, kuyambira cha m'ma 2013, khonsolo inkawerengera nyumba poyang'ana zinthu zooneka monga denga, makoma ndi msewu wofikapo, ndipo zimenezi n'zomwe nanunso mungaloze podandaula.

Dandaulo likhale lolemba, ndipo lifike pasanathe masiku 28 kuchokera tsiku loyamba lomwe msonkhowo ukuyenera kulipiridwa. Kukalankhula pakamwa ndi kalaliki, ngakhale akugwedezereni mutu, sikuwerengedwa. Lembani makope awiri, muikepo zithunzi za nyumbayo, ndipo kope lanu alidinde ndi deti. Poti biluyo inafika mwezi watha, onani deti lero lomwe. Yankho likapanda kukukhutiritsani, nkhani imapita ku Valuation Tribunal, bwalo lomva madandaulo a mitengo ya malo ndi nyumba, ndipo kuchoka apo kuli High Court.

Pamene mukudandaula, lipirani ndithu. Msonkho ukakhala masiku 60 osaperekedwa, khonsolo imaonjezera 4 peresenti mwezi uliwonse. Pa K60,000 yanuyo ndi K2,400 pamwezi, ndipo pakutha pa miyezi 12 yakwana K28,800, musanaonjezere bilu yatsopano. Ndaonapo mabanja amene ngongole yawo inakula chifukwa cha chindapusachi kuposa msonkho weniweniwo. Ngati simungathe kulipira yonse pakamodzi, pemphani molemba kuti muzipereka pang'onopang'ono, ndipo ndalama muzipereka ku ofesi kapena kubanki, osati kwa munthu wobwera pakhomo. Lisiti lililonse lisungeni. Mtengo ukadzatsitsidwa, zomwe munapyoza zimakuwerengerani.

Kulanda nyumba kulipo m'lamulo, koma sikuchitika m'mawa umodzi. Ngongole iyenera kukhala zaka zitatu, khonsolo ilengeze mu Gazette (chikalata cha zilengezo za boma) ndi m'nyuzipepala, ikupatseni masiku 30, kenako idzere kukhoti isanagulitse nyumbayo pa okushoni. Wina akadzabwera ndi loko popanda pepala la khoti, musakangane naye. Lembani dzina lake n'kuthamangira kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau, komwe amathandiza anthu osatha kulipira loya. Auzeninso amfumu kuti manda a mudzi ndi malo opemphererapo salipiritsidwa msonkhowu, ndiye ngati analembedwa akadandaule.

Dzina la malemu pa bilu silikupulumutsani, chifukwa ngongoleyi imatsata nyumba. Khalani pansi ndi abale anu, mutenge chikalata cha imfa ndi mapepala oyendetsera chuma cha masiye motsata lamulo la 2011 la Deceased Estates, kenako mukasinthitse dzina m'kaundula. Mukamapita, nyamulani biluyo, kalata ya amfumu ndi chiphaso chanu cha unzika.