Wa njinga azidutsa mbali iti pa msewu?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Dedza. Akuti mwana wawo wayamba Fomu 1 ndipo amapalasa njinga mu M1 popita kusukulu, nde bambo ake amamuuza kuti azipalasa moyang'anizana ndi magalimoto kuti aziwaona akamabwera. Mayiwa mtima sukukhala m'malo, akufunsa ngati zimenezi zili zoona.

Mayi, ayi ndithu, bambo asakaniza malamulo awiri. Woyenda pansi ndamene amayenda moyang'anizana ndi magalimoto, ndekuti kumanja kwa msewu poti kwathu kuno galimoto zimayenda kumanzere, akaona kuti yikubwerayo yasiya njira amangodumphira kutchire basi. Koma njinga pa msewu imawerengedwa ngati galimoto yomwe, malo ake ndi kumanzere, kulowera komwe magalimoto akulowera.

Tiwerengere limodzi. Galimoto ikuthamanga makilomita 60 pa ola, mwana wanu akupalasa 15. Akamalowera kumodzi, galimotoyo ikumuyandikira pa liwiro la 45. Akamakumana maso ndi maso ndi 75, dalaivala nthawi yoponda buleki yachepa, komanso zikagundana mphamvu yake ndi ina. Galimoto ya pa 60 imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi yokha, tangoganizani, kungoyang'ana foni kamodzi wadutsa kale nyumba ziwiri.

China chomwe anthu sachiganizira ndi pa mphambano. Dalaivala akamatuluka mu kamsewu kafumbi kulowa mu tala maso ake amakhala kumanja chifukwa ndikomwe magalimoto a mbali yakeyo amachokera, akaona kuti kulibe kanthu amaponda moto, nde wa njinga amene akubwera mosemphana uja amatulukira kumanzere komwe dalaivalayo sanayang'ane nkomwe.

Ine zinandichitikira tsiku lina madzulo ndikuchokera ku Ntcheu, nditangodutsa pa Lizulu. Kunali kachisisira, kutsogolo kukubwera thiraki itayatsa magetsi onse, ine maso ali thoo. Bambo wina anali mbali yanga atamanga matumba a makala pa kaliyala, matumbawo atatuluka uku ndi uku, njinga yopanda rifulekita, iye jekete lakuda. Chomwe ndinaona ndi kachidendene koyera ka patapata kakukwera ndi kutsika. Ndinaponda buleki mpaka katundu wa kumbuyo anagwa, ndipo manja ananjenjemera mpaka pa Dedza. Akanakhala kuti akubwera moyang'anizana nane sindikanakwanitsa kuyima.

Nde mwanayo mumugulire rifulekita yofiira kumbuyo, yoyera kutsogolo, ndi katochi ngati amaweruka mochedwa. Mabuleki azigwira onse awiri, zomaima ndi phazi pa tayala zija ayi. Mahedifoni m'chikwama. Akafuna kukhota azikweza mkono, ndipo akamva thiraki kumbuyo pomwe kutsogolo kukubweranso ina, atsike mu tala adikire, mphepo ya thiraki imakoka njinga. Asamayime pambali pa thiraki pokhota, ngati iye sakuona galasi la dalaivala ndekuti dalaivalanso sakumuona.

Koma sindingasenzetse mwana wa Fomu 1 mtolo wonse, ife madalaivala tili ndi mlandu waukulu. Timaimba hutala ngati kuti hutalayo ndi buleki, timamudutsa wa njinga pafupi mpaka galasi kukhudza chigongono, pa zebra munthu amaima mpaka kutopa osapezeka womuimira. A minibasi nawo kuima paliponse pomwe aona pasenjala, munthu akutsika nkudutsa kutsogolo kwa minibasiyo osaona kuti ina ikupitirira. Pa malo a msika ngati Lizulu kapena Chimbiya, pomwe anthu akuthamangira galimoto ndi mabeseni a kabichi ndi tomato, palibe chifukwa choti munthu uzithamanga.

Mayi, bambowo musawakalipire, anafuna kuteteza mwana. Muwawonetse zomwe ndalembazi, kenako Loweruka m'mawa atenge njinga apalase naye limodzi mpaka kusukuluko, onse kumanzere, amuonetse mokhota moipa ndi pomwe ayenera kutsika nkuwoloka akukankha njinga.