Mphwanga, RAM musagule kaye

Eee mphwanga, funso lako lija ndalimva. Ena a m'gulu muno mundipirire pang'ono, iyi ndi ya kuntchito. Ukuti seva ya kuofesi kwanu, ija ya maprosesa awiri, yayamba kuponya blue screen (sikirini ya buluu imene Windows imaonetsa ikagwa) chiikireni network card yatsopano, ndiye abwana akuti mugule RAM, memory ya kompyuta. Ayi, ndalamazo zisungeni kaye.

Pachithunzi watumizacho palembedwa DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, nambala yake 0xD1. Uthenga umenewu kawirikawiri umaloza driver, pulogalamu imene imalumikiza Windows ndi chipangizo ngati khadi la network, kuti wakagwira malo a memory amene samayenera kuwagwira panthawiyo. Ndamvanso ukudabwa kuti khadi lomwelo linkayenda bwinobwino pa kompyuta wamba. Zimatero ndithu. Driver wolembedwa mosasamala amatha kubisala pamakina ang'onoang'ono, koma pa seva maprosesa amamuthamangitsa onse nthawi imodzi, ntchito ili yambiri. Zili ngati anthu awiri akulemba m'kaundula mmodzi, tsamba lomwelo, osadikirana: wina akufufuta mnzake asanamalize mzere. N'chifukwa chake wati imagwa m'mawa anthu onse akalowa pa network, koma usiku ayi.

Ndiye yamba ndi backup, chonde, usanakhudze kalikonse. Ukatero ulowe mu C:\Windows\Minidump, mmene Windows imasiya fayilo ikagwa, utenge fayilo yaposachedwa, uitsegule mu WinDbg, pulogalamu ya Microsoft yowerengera mafayilo amenewa, ulembe !analyze -v. Usake dzina lothera ndi .sys, limenelo ndi dzina la driver. Ukaona ntoskrnl.exe usathamangire kunena kuti wapeza, ameneyo ndi kernel, mtima wa Windows, nthawi zambiri amangogwerapo pa zolakwa za wina.

Pali kayeso kena kamene ndimakakonda kwambiri. Loweruka masana anthu ataweruka, tsegula msconfig, Boot, Advanced options, uchonge Number of processors, uike 1, uyatsenso seva. Kenako ukopere mafayilo akuluakulu kudzera pa network kwa maola angapo, uipanikize kwenikweni. Ikapirira osagwa, pamene ukabwezera maprosesa onse ikugwanso, dziwa kuti nkhani ndi kulimbirana kwa maprosesa kuja. Iyenda mochedwa, usadandaule, koma ukamaliza uchotse chochongacho, Lolemba anthu angavutike.

Mankhwala ake si ovuta. Tenga driver pa webusayiti ya kampani yomwe inapanga sevayo kapena khadilo, wogwirizana ndi Windows Server yanuyo, uonenso kuti firmware ya khadi, pulogalamu yokhala m'kati mwa khadimo, ikugwirizana naye. Ngati vuto linabwera ndi update, Device Manager ili ndi Roll Back Driver. Koma sintha chinthu chimodzi, uyese, ulembe papepala, kenako china. Ukasintha zitatu pakamodzi sudzadziwa chomwe chathandiza.

Driver Verifier, chida cha Windows choyesera ma driver chimene anzako akuuza chija, usaiyatse nthawi ya ntchito. Imagwetsa makina dala kuti igwire wolakwa, mwina seva n'kukanika kuyaka mpaka utalowa Safe Mode n'kulemba verifier /reset.

Dzina la .sys lija ukalipeza unditumizire kumbali, tione limodzi madzulo ano.